Kabokosi ka ku Hailuoto

Pakampani yathu mumzinda wa Oulu tinalipo anthu asanu. Tinkapanga timabokosi totuwa, tokwana m'manja, tolumikiza zipatala za kumidzi ndi likulu lawo kudzera m'njira yobisika pa intaneti, kuti wapadera asaone zodutsamo. Pulogalamu yoyendetsa timabokosito anailemba okha a Aulis Kemppainen, bambo wosayankhulayankhula amene anandiphunzitsa ntchito. Anamwalira mu Okutobala ndi matenda a mtima, ntchito yawo n'kugwera ine.

Anandisiyiranso vuto. Kunja kukazizira kwambiri, timabokosi tina tinkasokoneza nthawi, njira ija n'kutsekeka. Anamwino ankaimba foni akukalipa. Miyezi itatu ndinalimbana nalo osaphula kanthu.

Lachiwiri lina mu Febuluwale, tikumwa khofi wam'mawa, mnzanga Jorma anandiitana.

"Tuulikki, tabwera kuno. Watulutsa pulogalamu yatsopano osatiuza? Wayamba matama eti?"

"Ndiitenga kuti? Yakale yomweyi ikundisowetsa mtendere."

Kabokosi kalikonse kamauza ofesi nambala ya pulogalamu imene kali nayo. Timabokosi tonse tinali ndi 6.2, yomaliza ya malemu. Kamodzi kokha kankati 6.3. Kanali koyesera zinthu, kamene a Aulis ankasunga kukanyumba kawo kopumulirako pachilumba cha Hailuoto.

Ndinalowa m'kabokosiko ndili muofesi momwemo n'kukopera pulogalamuyo. Mizere makumi atatu inali yosinthidwa, yonse yokhudza nthawi. Pambali pake panali mawu a malembo ang'onoang'ono okhaokha, mmene ankalembera iwo: "zimene wayesa zija n'zolakwika tuulikki, vuto lili m'munsimu"

"Analemba asanamwalire," anatero Jorma. "Kabokosi kangochedwa kutiuza basi."

Ndinamuonetsa mizere ya pamwamba pake. Inali yanga, imene ndinalemba mu Januwale.

Jorma anaika kapu pansi. "Ndiye kuti wina akutiseweretsa. Tiye tikamuone nkhope."

Makiyi a nyumbayo anali ndi mayi Raakel, mlongo wawo wa malemu. Anati magetsi anawasiya osadula kuopa kuti mapaipi a madzi angaphulike ndi kuzizira, koma chiikireni maliro sanapondeko. Anavala jekete n'kukwera nafe galimoto. Tinawoloka pamsewu wodutsa pamwamba pa nyanja youndana masana, dzuwa likuthobwa m'maso.

Chipale chofewa chinafika m'mawondo kuzungulira nyumba yonse, chopanda phazi la munthu ngakhale la galu. Jorma anachichotsa ndi fosholo pakhomo kuti chitseko chitseguke. Mayi Raakel anaima panja.

"Lowani nokha," anatero. "Achimwene sankafuna kusokonezedwa akamagwira ntchito."

Kabokosi kanali patebulo la pawindo, nyali yake yobiriwira ikuyaka. Kompyuta munalibe, poti ya malemu tinali nayo kuofesi. Kupatula wa magetsi, panali waya mmodzi yekha wochoka kukabokosiko, wolumikizira kompyuta, wogona patebulo kulunjika kumpando, kumapeto kwake kulibe kanthu. Fumbi linali mbuu paliponse.

"Waona? Mulibe munthu," anatero Jorma. Anayesa kuseka.

Timabokosi tathu tili ndi nyali ina yachikasu, imene imaphethira pokhapokha munthu akamalemba kudzera pawaya uja. Tili chiimire, inayamba kuphethira. Inkaphethira mofulumira, kuima pang'ono, n'kuyambanso, monga amachitira munthu akamalemba kwinaku akuganiza. Ndinakhala nawo moyandikana zaka zisanu ndi zinayi bambo aja, ndipo kalembedwe kawo ndinkakadziwa ndi khutu.

"A Aulis," ndinatero, osadziwa kuti ndayankhula mokweza.

Nyali ija inaima. Tinadikira. Kenako inayambanso.

Jorma anadumpha n'kuzula waya wa magetsi kukhoma. Anakulunga kabokosiko m'chipewa chake, tinatuluka. Mayi Raakel anangokhoma chitseko. Tinakwera galimoto n'kubwerera kumtunda.

Milungu itatu tinawerenga mizere ija umodziumodzi, kufufuza ngati munali msampha wa akuba. Munalibe. Tinaika mufiriji usiku ndi usana timabokosi khumi ta pulogalamu yatsopanoyo, ndipo timabokosi tonseto tinasunga nthawi bwinobwino. Zomwe zinalembedwa tsiku tinapitalo sitinazipeze, zinafufutika pamene magetsi anazulidwa. Jorma anandipepesa kawiri konse, ine osamufunsa.

Abwana atamva kuti vuto latha, anati pulogalamuyo itumizidwe kuzipatala zonse, ndipo anafuna dzina la woilemba kuti alike pachikalata. Jorma anayang'ana pansi.

"Tuulikki, si iwe kodi?" anafunsa abwana.

Ndinasaina. Mu Meyi mayi Raakel anagulitsa kanyumba kaja kwa banja lina la ku Tampere, la ana awiri.