Mtengo wa Anacleto Sunali pa Pulani

Kampani yopanga makina osokera ya ku Campinas itatsekedwa, anthu andalama anafuna kugumula zonse n'kumangapo nyumba zosanja. Amene anakana ndi Dona Zuleide, mayi amene anakalambira pamenepo akutaipa makalata. Anasonkhanitsa nkhalamba zinzake n'kumazungulira m'maofesi mpaka nsapato kutha, akulongosola za dimba lokongoletsa malowo: kapinga wokhotakhota, dziwe la makona anayi ndi mizere ya kanjedza, zimene katswiri wina anajambula likulu la kampanilo likumangidwa. Koma mayi ameneyo pakamwa! Boma linatopa naye, n'kulamula kuti dimbalo lisungidwe, libwerere mmene linalili poyamba.

Chimene ankavutikira kwenikweni sanauze munthu. Kuseri kwa kantini kunali mtengo wa jabutikaba, wobereka zipatso pathunthu, umene mwamuna wake Anacleto anabzala atangolembedwa ntchito. Atamwalira, thupi lake analitentha, ndipo Zuleide anakwirira phulusalo patsinde pa mtengowo osapempha aliyense.

Ntchito yokonza itayamba, anabwera kudzaona limodzi ndi Seu Geraldino, dalaivala wakale wa mabwana. Anawalandira Tainara, mtsikana wophunzira za madimba amene ankayang'anira zonse, munthu waulemu wake. Anawaonetsa dziwe amisiri akulimatamata, kenako anakhotera kuseri kwa kantini. Pathunthu la mtengo uja panali penti yofiira.

"Mwana wanga, pentiyi ndi yachiyani?"

"Uwu uchoka, Dona Zuleide. Pa pulani yoyamba palibe, wina anangoubzala mwa iye yekha. Ukutchinga. Munthu akaima pachipata ayenera kuona mpaka kudziwe."

Geraldino anaseka mpaka kutsokomola. "Winayo ndi malemu amuna awo! Ankaba madzi a kampani kuthirira kamtengo aka. Mlamu, si inu munkakuwa kuti mmene linalili, mmene linalili? Ndi zimenezitu."

"Pepani kwambiri, sindimadziwa," anatero Tainara. "Koma lamulo likunena za pulani. Ndikasiya umodzi, mawa wina abwera ndi mapeyala ake."

Zuleide anadziwa kuti mtsikanayo akunena zoona, mawu a lamulowo anawalimbikira yekha. Mtima unamupweteka koopsa. Anaganiza zoulula za phulusa lija, koma anaona kuti angomumvera chisoni n'kumupezera mpando ndi khofi, mtengo n'kugwa ndithu. Anathyola chipatso chimodzi pathunthu, chinali chisanapse.

"Nanga mizu?"

"Tizula yonse, apo ayi uphukanso. Dothi lomwe tichotsa, kapinga amafuna lina."

"Mukalitaya kuti?"

Tainara anayang'ana kumene kunaima lole ya kontrakitala, n'kukweza mapewa. "Amadziwa ndi iwowo, mwina kokwirira maenje a mumsewu. Musade nazo nkhawa amayi, ndi dothi chabe."