Chibangili Chachitsulo pa Mayeso a Maginito

Jharna analowa m'chipinda cha mayeso a sayansi atangotha milungu isanu pabanja. Apongozi ake aakazi anali atanena mosapsatira: akalephera, za koleji zithere pomwepo.

Ntchito yake inali yosavuta. Maginito pakati pa pepala, kampasi pambali, kuika kadontho pomwe singano yaloza, kusuntha kampasi, kuikanso kadontho, mpaka mizere ituluke yokhota bwino kuchokera kumutu wina wa maginito kukafika kumutu winawo. Asanakwatiwe ankazichita ngakhale ali ndi tulo. Koma lero mizere inkangodzandira ngati munthu wochokera ku mowa.

A Haldar, oyang'anira mayeso, anaima kumbuyo kwake.

"Singano sinama, mwana wanga. Chili kudzanja lamanzerecho n'chiyani?"

Chinali chibangili chachitsulo chimene anamuveka atakwatiwa ndi Tapan. Pa mwambo wa kwawoko, mkazi amachivula kamodzi kokha, tsiku limene mwamuna wake wamwalira.

"Chitsulo ndi chitsulo, kaya chaukwati kaya cha msomali," anatero a Haldar akupitirira. "Kwatsala mphindi makumi awiri."

Jharna anayesa kubisa mkonowo kumbuyo. Ndi dzanja limodzi pepala linkatsetsereka, kampasi nayo osakhazikika. Anagwira chibangilicho.

"Alamu, musayerekeze," ananong'ona Mithu, mchemwali wake wa Tapan, amene ankalemba mayeso omwewo pa tebulo loyandikana. "Achimwene ali moyo. Mwawapakulira mpunga m'mawa womwe uno."

"Ndiye ndilephere?"

"Amayi akamva muona zakuda."

"Ndikalepheranso ndi zakuda zomwezo."

Jharna anachisolola mpaka kusupuka chala. Mantha anamugwira, ndipo anasowa pochiika.

"Bweretsani kuno anthu asanaone, amisala inu," anatero Mithu. Anachitsomphola n'kuchilowetsa m'bulauzi mwake.

Singano ya Jharna inakhazikika nthawi yomweyo. Anatembenuza pepala nayambanso, mizere n'kumatuluka monga ya m'buku.

Atamaliza anayang'ana kumbali. Mithu anali atawerama pa pepala lake, singano yake ikutsata chifuwa chake kulikonse kumene wapendekera. Ankafufuta, kujambulanso, kufufutanso. A Haldar anaima pa iyenso.

"Nawenso uli ndi chitsulo penapake?"

"Ayi, aphunzitsi," anayankha Mithu osadzutsa mutu. "Kungoti sindinawerenge."

Belu linalira, ndipo Mithu anapereka pepala lake ndi mizere yake yokhotakhotayo.