Khoma la Zishango

Sajeni anapuma usilikali kalekale, koma mawu ake sanapume nawo. Akakuwa m'chinyumba chimene kale ankasungiramo simenti, nkhunda za kudenga zinkabalalika.

Chimene chinamubweretsa kumeneko ndi buku la mwana wake wamkazi. Mwanayo anajambula nthano ya nkhondo yamakedzana, zithunzi zokhazokha tsamba ndi tsamba, mawu apo ndi apo. Bukulo litatchuka, anthu a mafilimu anabwera kuti alisandutse filimu, ndipo ankafuna munthu wophunzitsa amuna makumi atatu kuyenda ngati ankhondo.

"Alipo kunyumba," mwanayo anawauza. "Amangokhalira kukalipira wailesi."

Kuguba anyamatawo anakugwira msanga. Chimene chinavuta ndi chithunzi cha pakati pa buku, chodzaza masamba awiri: ankhondo atatseka chipata cha mzinda ndi khoma la zishango, a kutsogolo atagwada, a kumbuyo ataima, ndipo ena ataponda pamapewa a oimawo.

Masiku awiri khomalo linkangogwa. Zishangozo zinali zivundikiro za migolo, ndiye zikagwa phokoso lake ungati kabati ya mbale yagubuduka. Tsiku lachitatu Ndodo, wogulitsa nsapato wamtali kuposa onse, anabinya phazi.

Dailekitala, mkulu wa ojambula filimuwo, anamutengera Sajeni pambali. "Madala, tiyeni tizisiye izi. Tijambula anthu khumi ataima pansi, enawo tikawaunjika pa kompyuta."

"Mwendo wa pa kompyuta sunjenjemera," anatero Sajeni. "Woonera adziwa bwanji kuti anthuwa asenzana? Ndipatseni mpaka Lachisanu."

"Likapitirira Lachisanu musandidandaule."

Masana amenewo Sajeni anamupeza mwana wake atakhala pa bokosi la zisoti, akusongola pensulo. Anamutambasulira bukulo pamiyendo.

"Iwe, unajambula bodza. Anthu sangaime chonchi."

"Ababa, bukuli munaliwerenga, kapena munangolitsegula?"

"Muli mawu angati oti munthu n'kuwerenga?"

"Tayang'anani miyendo."

Sajeni anavala magalasi n'kuwerama. M'mipata ya zishango munkaoneka miyendo ya osenza anzawo: yaifupi, ya akatumba ngati mitondo. Aliyense dzanja limodzi linali litagwira lamba wa mnzake wa pambali. Iye anali atawafoletsa monga pa perete, ataliatali kumbuyo, ndiye amene ankasenza anzawo anali anthu onga Ndodo.

"Unaziona kuti zimenezi?"

"Kwa otsitsa matumba m'malole. Ndinakhala nawo mwezi wathunthu ndikuwajambula."

Sajeni anavula magalasi aja, n'kuwapukuta nthawi yaitali ngakhale analibe fumbi. "Bwanji sunanene?"

"Munandipatsa mpata? Ndikati nditsegule pakamwa mumati, 'Wamba atuluke pabwalo.'"

M'mawa mwake Sajeni anaphwasula mizere yonse. Anayenda pakati pa anyamatawo akufinya akatumba ngati wogula mbuzi. Aafupi ojintcha anawaika kumbuyo kuti asenze, opepuka pamwamba, ataliatali onse anawagwaditsa kutsogolo. Ndodo, phazi lili m'bandeji, anadandaula.

"Bwana Sajeni, nanga nkhope yanga ioneka bwanji kuseri kwa chishango?"

"Akazi ako akakuzindikira ndi bondo. Gwada!"

Anayeserera mpaka malamba awiri anaduka, telala wa zovala n'kuwasokera achikopa. Lachinayi khoma linaima kanthawi, kenako linapendekera kumanzere n'kukhuthukira pa matiresi. Sajeni anasinthanitsa anthu awiri, nati, "Dzukani. Tibwereze."

Lachisanu anachotsa matiresi, anathira mchenga pansi, anafukiza utsi. Kamera itayamba, Sajeni anawerenga: "Wani! Thuu! Kwera!" Zishango zinalumikizana, phaa, mizere itatu, osasiya ndi kampata komwe. Dailekitala ankafuna masekondi khumi. Atafika pa sikisi, miyendo ya wosenza wina wa pakati inayamba kugwedera, thukuta likudontha pachibwano.

"Gwira lamba!" Sajeni anabangula.

Munthuyo anakanirira pa lamba wa mnzake, mano gwa. Khoma linatekeseka pang'ono, koma silinagwe.

"Basi!" anakuwa Dailekitala. Anaonera chithunzicho kawiri pa kagalasi ka kamera, mwana wa Sajeni akusuzumira paphewa pake atadzitseka pakamwa. Kenako Dailekitala anatembenuka. "Madala, ndikufuna ndijambulenso kuchokera pansi, miyendo ija ioneke. Angathe kachiwiri?"

Sajeni anayang'ana anyamata ake ali lambalamba pamchenga, akupumira m'mwamba.

"Apatseni madzi kaye," anatero. "Akatha kumwa, muuzeni wa kamerayo agone pansi."