Kiyi wa Galimoto Yofiira

"Batire lifa, Amayi," anatero Nawaf, ataima pakhomo dzanja lili chitambasulire. "Galimoto za mtundu uwu sizifuna kugonekedwa. Ndingoizungulitsa pang'ono, ndibwera nayo."

Hessa sanamuyang'ane n'komwe. Anali kusonkhanitsa tizikho ta khofi timene amayi omaliza kupepesa anasiya pa kapeti. Linali tsiku lachitatu, lotsekera chipepeso. Mishari, mwana wake woyamba, dothi linali lisanamuzolowere, koma mng'ono wakeyu anali atayamba kale kumvera chisoni batire.

"Likafa tidzalilira masiku atatu," anayankha. "Tidzakuphikiranso khofi."

"Amayi, inu simudziwa za magalimoto."

"Ndimadziwa za ana amene ndinabereka. Choka pakhomo, ukutchinga mphepo."

Muzichenjera naye munthu amene pa maliro amalira mokweza, diso limodzi lili ku garaja. Hessa anali atamuona kuyambira tsiku loyamba. N'chifukwa chake kiyi anali pachifuwa pake, m'kathumba komwe amasungamo mapilitsi a shuga, ndipo ankagona naye.

Galimotoyo ankadana nayo ngati mkazi mnzake. Inali yofiira ngati tsabola, yogwira pansi ngati mphemvu, mipando iwiri yokha. Kodi bambo wa banja, wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, amagula galimoto yoti mayi ake, mkazi wake ndi mwana wake sangakweremo limodzi? Komanso Mishari yemweyo, amene pa msewu ankayenda ngati wanyamula mazira, mpaka amalole ankamuimbira hutala. Anaigula chaka chatha, n'kumaipukuta Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti. Komatu chimene chinamupha si galimoto. Mtima unangoima ali pampando ku ofesi, tiyi ali m'manja. Chakudza sichiimba ng'oma.

Nawaf atachoka analowa Dalal, mwana mmodzi yekhayo wa malemu, maso atatupa. Anakhala pansi n'kutsamira bondo la agogo ake. Hessa anadziwiratu kuti pali chopempha, chifukwa mtsikana wa zaka makumi awiri ndi zitatu satsamira bondo la nkhalamba pachabe.

"Agogo, Loweruka likubwerali ndi tsiku lija. Ababa analembetsa ku bwalo la magalimoto, kuchipululu kuja. Anati tidzapita awiri."

"Iye wapita kale kwina."

"Ndikufuna ndikayendetse ineyo."

Hessa anamukankha pa bondo. "Kuzungulira malo amodzi ngati ngamila yopera mafuta, osapita kulikonse, n'kumati ndi masewera. Ndaika mmodzi m'manda sabata ino. Ukufuna okumba manda andidziwe dzina?"

"Kumakhala mphunzitsi, Agogo. Amakhala pambali pako."

"Ndiye mufe awiri."

Munira, mkazi wa malemu, anali pakona atafunda zakuda. Monga mwa mwambo wa mkazi wamasiye, iye sakanatuluka pakhomo miyezi inayi ndi masiku khumi, kotero mawu ake okha ndi amene akanayenda. Analankhula motsitsa.

"Amayi, mukamukaniza lero, adzapita tsiku lina ndi galimoto ya mnzake, inu osadziwa. Ndikanakhala womasuka ndikanamuperekeza ndine."

Hessa anamuyang'ana mpongozi wakeyo. Mkazi wopanda msana, amene sanathe kuletsa mwamuna wake kugula chitsulo chopusacho. Koma pa ichi chokha sananame.

"Tipita," anatero. "Ndikaone ndi maso anga, iwenso ukaone, kenako tidzabwerere. Kiyi sachoka pano." Anadzimenya pachifuwa.

Makiyi a masiku ano salowetsedwa pabowo. Bola akhale m'galimoto, injini imalira. Choncho Loweruka m'mawa Hessa anapindidwa ngati mkeka n'kulowetsedwa pampando wofika pansi uja, mawondo akulira, kiyi ali pomwe anali. Dalal anayendetsa. Nawaf ankawatsata ndi chigalimoto chake choyera ngakhale panalibe amene anamuitana.

Njira yonse Hessa sanatseke pakamwa. Lole iyo. Mchenga uwo pa phula. Usamuyang'ane wa njinga yamotoyo, ndi wamisala. Ika manja onse awiri. Kuthamanga si kufika. Dalal ankangoti, "Ndamva, Agogo."

Ku bwaloko anapeza zomwe ankayembekezera. Ana a anthu olemera, ndevu zometedwa ngati zojambula, atavala zovala zothina ngati makanda, akujambulana ndi mafoni pafupi ndi matayala. Wina wamimba ankalimbana ndi chisoti chimene chinkakana mutu wake. Phokoso linali ngati la ziwanda zikukangana. Amayi awo anali kuti? Ndithu anali ku saluni.

Anawalandira bambo wa imvi, wa ku Lebanon, dzina lake Elie, amene anali mphunzitsi. Ataona galimotoyo anavula magalasi.

"Tinamva za bambo ake a Dalal. Mulungu awachitire chifundo. Pepani, Hajiya."

"Moyo wanu utalike," anayankha Hessa mouma. "Koma musavutike, sitikhalitsa."

Elie anatembenukira kwa Dalal. "Kaya mulowa kaya simulowa, lamulo loyamba ndi ili: chilichonse chosamangidwa chituluke m'galimoto. Pa khona botolo la madzi limasanduka mwala. Likagubudukira pansi pa buleki, nkhani yatha."

Anayamba kutulutsa. Anachotsa timakapeti topondapo. Pansi pa mpando anapeza kathumba ka mchere, pansi pa winawo kansalu komangamo lubani, m'chitseko kabotolo ka madzi a pachitsime chopatulika cha Zamzam. Zonsezi Hessa anaziika yekha mbandakucha. Dalal anamuyang'ana.

"Ukuyang'ana chiyani? Iwo akhulupirira chipewa cha pulasitiki, ine ndisakhulupirire madzi oyera?"

Kabuku ka Korani kamene kanalinso momwemo Elie sanakakhudze. Dalal anakatenga, n'kukapsompsona, n'kupatsa agogo ake. Nawaf anali chiimire chapafupi, akusisita denga la galimoto ngati msana wa hatchi yomwe wagula kale.

Kenako Elie anatsegula kabokosi ka kutsogolo kwa mpando. Munali timalamba tapepala tinayi tachikasu, tosapindika, tomangidwa pamodzi ndi mphira. Hessa anali ataona kale kuti aliyense pabwalopo wavala kotere pamkono. Kuwerenga sadziwa, koma maso ake saphonya kanthu.

"Ito n'ta ndani? Palembedwa chiyani?"

"Dzina la Ababa," anatero Dalal. "Ndi masiku. Anayi osiyana." Anakweza mutu. "Ababa anabwerapo kuno kanayi? Sananene."

Elie anakanda chibwano. Zinkaoneka kuti akufuna bodza labwino koma silikubwera.

"Anabwera, inde. Ankafika woyamba, chipata chisanatsegulidwe. Ankamvetsera malangizo onse, mpaka kulemba. Chisoti ankavala. Tikafika pamzera woyera uwo, polowera, ankaima. Ankati, 'Elie, lero mphepo yachuluka.' Ulendo wina anati matayala sakuwakhulupirira. Kenako ankabweza galimoto, n'kupita kukaonerera anzake."

"Kanayi konse?"

"Konse."

Nawaf anaseka mpaka kugwira denga ndi manja awiri. "Ndinadziwa ine. Achimwene anali nkhuku. Kugula mkango n'kumaudyetsa udzu. Anthu onsewa ankawaseka, eti?"

"Ena ankaseka," anatero Elie. "Iwonso ankaseka nawo. Ankati, 'Phazi langa lamanja si langa, ndi la amayi anga. Ndikati liponde moto, limamva mawu awo.' Sankanena mokwiya, Hajiya. Ankangonena." Anatulutsa kalamba kena m'thumba la malaya ake. "Ka lero sanalembetse dzina lawo. Analembetsa la mwana. Anandiuza kuti, 'Uyu ndimubweretse asanatengere.'"

Hessa anamva kathumba kaja kakulemera pachifuwa. Njinga anamukaniza Mishari ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, chifukwa mwana wa aneba anathyoka mkono. Kunyanja anamukaniza. Anzake akupita kukaphunzira kunja, Hessa anagona pakhomo n'kunena kuti akakwera ndege adzadutsa pa mtembo wake. Mishari sanatsutsepo. Ankangopsompsona mutu wa mayi ake n'kuti, "Chabwino, Amayi." Hessa ankauza aliyense kuti mwa ana ake onse, womvera ndi ameneyo.

"Basi, Amayi, patseni kuno," anatero Nawaf, dzanja lija litabwereranso. "Ndilowe ineyo, ndichotse manyazi pa dzina la banja. Mwana wamkazi sangathe izi. Aone kuti kwathu kulinso amuna."

"Amuna," anatero Hessa. "Iwe amene unagunda chipata cha nyumba yako yomwe ukubwerera m'mbuyo, n'kunamizira wantchito? M'bale wako anali wamantha, koma ankabwera yekha kudzaima pamaso pa chimene ankachiopa. Iwe ngakhale pomusambitsa unati uli ndi chimfine."

Nawaf anabweza dzanja n'kuyamba kufufuza foni m'thumba.

Hessa anatembenuka kuti amuna asaone, n'kupisa dzanja m'zovala. Kiyi anatuluka ali wofunda. Anamugwira Dalal pamkono mwamphamvu.

"Tamvera. Usapikisane ndi zitsiru izi, zili ndi azibambo ogula miyendo yatsopano. Chimene anene bambo awa, chita chomwecho. Ukamva chizungulire, ima. Ukamva fungo lachilendo, ima. Lamba umange mpaka akupweteke. Unene Bismillah usanaponde chilichonse. Ndipo ukafa, usabwere kwathu."

"Ndamva, Agogo."

"Sunamve kanthu. Tenga."

Chisoti chinam'meza mutu wonse, kunangotsala maso a bambo ake. Elie anakhala pambali pake. Galimoto inayenda pang'onopang'ono mpaka pamzera woyera, n'kuima. Hessa anawerenga kupuma kwake, kamodzi, kawiri, kasanu. Kenako matayala akutsogolo anadutsa mzerawo.

Kunena zoona, mtsikanayo ankayendetsa moipa. Pa khona loyamba anaponda buleki kutali kwambiri, galimoto n'kugwedezeka ngati bulu wokana katundu. Anagunda chipilala cha mphira chimodzi, chinauluka. Magalimoto ena ankamudutsa motsatizana ngati waima. Anyamata awiri pafupi ndi Hessa ankaseka, wina akuti, "Imeneyo ikupita kukagula buledi."

"Amako anakubereka ukuthamanga?" anamufunsa Hessa. Mnyamatayo anameza kuseka kwake.

Pamenepo sankaona bwino, choncho anatsata mpanda wa waya, akukoka miyendo, mpaka pafupi ndi khona loyamba lija. Kuseri kwa wayayo kunali kansanja, ndipo pa iko panali bambo wachikulire wa ku India atagwira mbendera, nkhope itapserera ndi dzuwa. Anamuyang'ana Hessa, n'kuyang'ana galimoto yofiira.

"Ndinu mayi awo a bwana Mishari? Pepani, Hajiya. Ankaima pomwe mwaimapo. Sunthirani pang'ono kumanja. Apo."

Hessa anayang'ana pansi. M'dothi louma, patsinde pa mzati wa mpanda, panali kadzenje kosaya, kotalika ngati nsapato ya munthu wamkulu, kozama chakutsogolo.

"Galimoto iliyonse ikamafika pa khona ili, ya aliyense, ankaponda pamenepo," anatero bamboyo. "Tsiku lonse. Ankawagwirira buleki anthu osawadziwa n'komwe. Madzulo ankachoka akutsimphina."

Hessa anavula nsapato yakumanja, n'kulowetsa phazi m'kadzenjemo. Linatsala malo ambiri. Dothi lake linali lofunda.

Kutali, kumapeto kwa msewu wowongoka, kadontho kofiira kanatulukira, kakukula, phokoso lake likukwera kuposa ulendo woyamba. Zala za phazi lake zinayamba zokha kukanikiza pansi. Anagwira waya ndi manja onse awiri, milomo ikuyenda, n'kukweza phazilo pang'ono, n'kulisiya m'mwamba mpaka mwanayo atakhota.