Juzi Yofiira ya Azakhali

Yankho la kuyunivesite linabwera kumapeto kwa Malichi, ine ndikukolopa m'khitchini. Mwana wanga Delaney anangokhala patebulo, foni ili m'manja.

"Akutenga kapena akukana? Yankhula, ndili ndi zochita."

"Sanandikane, Amayi. Komanso sananditenge. Ndili m'gulu la odikira."

"Odikira chiyani? Basi?"

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati mwana ndine. Yunivesite ya ku Massachusetts ija, imene wakhala akuilota kuyambira ali wamng'ono, inali itasankha kale anthu ake. Osankhidwawo ena akakana malo n'kupita kwina, m'pamene amaimbira odikira. Chaka china amaitana ambiri, chaka china ngakhale mmodzi. Ndipo sakuuza ngati uli kutsogolo kapena kumchira.

Yunivesite ya boma ya kuno ku Ohio inali itamutenga kalekale, koma inkafuna yankho pofika pa 1 Meyi. Tsikulo likadutsa, malo apita. Apa ndiye mutu unkandiwawa, chifukwa Epulo yense mwanayo sanatsimikize. Ankangobwera kuchokera kusukulu, kudya, n'kukhala pakompyuta. Analembera a ku Massachusetts kuti akuwafunabe, n'kuwatumizira zotsatira zake zatsopano. Kamodzi basi. Akuti ukamawavutitsa amatopa nawe.

Mlamu wanga Rhonda, azakhali ake a Delaney, ndi amene ankasonkhezera moto. Chaka chatha, mwana asanalembe n'komwe kalata yofunsira malo, iwo anali atamugulira kale juzi yofiira ya yunivesiteyo, dzina lili pachifuwa zilembo zikuluzikulu.

"Usavomere kwa abomawo," anatero Lamlungu lina, pakamwa pali nkhuku yanga. "A ku Massachusetts akamva kuti wapeza pena, akufufuta."

"Sizitero, Azakhali. Amatiuza okha kuti tigwire malo kwina."

"Amangonena! Ine ndimawadziwa anthu amenewa."

"Mumawadziwira kuti, alamu?" ndinafunsa. "Kusitolo kumene munagula juzi?"

Kusukulu kwa Delaney, pa 1 Meyi aliyense womaliza amavala juzi ya yunivesite imene akupita, n'kukajambulitsa onse pamodzi muholo. Ine ndimagwira ntchito m'khitchini ya sukulu yomweyo, ndiye chaka ndi chaka ndimaona. Ndaonapo ana odikira atavala juzi ya kumene sanatengedwe, anzawo n'kumawayamikira, iwo akumwetulira ngati dzino likuwawa. Ndaonaponso ena akujomba tsikulo.

Kutatsala tsiku limodzi ndinalephera kupirira.

"Delaney, sindinakulere kuti ukhale pakhomo chaka chonse ukuyang'ana foni. Mawa malo aja apita."

"Ndikudziwa tsiku lake, Amayi."

"Ndiye ukudikiranji?"

"Ndimafuna mtima uyambe wavomera. Sindikufuna kukafika kumeneko ngati munthu amene achita kumukankha."

Ndinangotsegula mpopi n'kuyamba kutsuka mbale.

M'mawa mwake ndinanyamuka iye asanatsike, monga masiku onse. Juzi yofiira ija inali pampando, yosita. Ndinapita kuntchito mtima uli m'mwamba, ndipo ndinapsereza thireyi yonse ya mbatata.

Nthawi ya chakudya chamasana Delaney analowa pamzere. Anali atavala juzi yobiriwira ya yunivesite ya boma, yatsopano, mapindo akuonekabe. Kaya anaigula liti, sindikudziwa. Patsogolo pake panali Anika, mnzake wa m'kalasi, amene a ku Massachusetts anamutenga mosavuta. Iye anali m'yofiira. Atatembenuka n'kuona Delaney, anasowa poika maso.

"Pepa, aise," anatero Anika. "Ndikanadziwa, sindikanavala."

"Usakanavala bwanji? Unaivutikira." Delaney anamukonza kolala. "Koma kumazizira kumeneko, wamva? Chakudya chake n'choipa. Ukasintha maganizo undiuze msanga, ndili pambuyo pakopa."

Anika anaseka mpaka kutaya madzi, mzere wonse n'kusekanso. Kenako anagwirana mapewa, yofiira ndi yobiriwira, wina n'kuwajambula.

Atafika pa ine anatambasula mbale.

"Ndatsimikiza m'mawa uno, Amayi. Malo ndi anga. Ndapezanso wogona naye chipinda, akuti sachita mkonono."

"Nanga aja akaimba?"

"Akaimba ndidzawamvera. Akapanda kuimba, ndili nako kopita. Ikani mbatata, anthu akudikira."

Ndinamuikira zosapserera, chipande chodzaza. Mnzanga wa pambali anandifunsa ngati ndi nthunzi yandilowa m'maso, ndinamuuza kuti asamale zake. Ine pa msinkhu umenewo, munthu akanandiuza kuti mwina, ndikanamenyetsa chitseko n'kusiya zonse. Uyu analira kwake mwakachetechete, n'kudzuka, n'kukakonza kolala ya mnzake.

Madzulo Rhonda anaimba, ataona chithunzi.

"Nanga juzi yanga ija?"

Delaney anaitenga pampando n'kundiponyera.

"Ili ndi Amayi, Azakhali. Kukhitchini kwawo kumazizira m'mawa. Ndikadzaifuna ndidzabwereka."

Ndakhala ndikuivala. Ndi yofunda ndithu, ngakhale pamkono padontha kale msuzi wa tomato.