Mzere Wokhota Kuseri kwa Khutu

Uthengawo unafika a Lumo ali pakati pa mutu wa munthu. Foni inalira pa shelefu, pakati pa botolo la sipiriti ndi zipeso, iwo n'kuisuzumira mashini akulirabe m'manja. Inati malo awo osungira zithunzi adzaza, ndipo zithunzi zatsopano zaleka kulowa.

"Amisiri," anatero kasitomala ali pa mpando, "mwandisiya theka ngati munda wa mlesi."

Anamaliza mutuwo, koma mtima unali utachoka kale.

Dzina lakuti Lumo linachokera ku ntchito yawo, ndipo lenileni anthu analiiwala. M'kanyumba kawo kometera munali mpando wozungulira umene unaleka kalekale kuzungulira, galasi long'aluka pakona, benchi la odikira ndi TV pakhoma. Aliyense ankadziwa kuti bandulo ya pa intaneti imene a Lumo ankalipira mwezi ndi mwezi inali ya makasitomala: mafilimu a odikira, ndi magemu onyengerera ana oopa mashini. Zinali zoona, koma sizinali zonse. Bandulo ija inali ndi mbali yachitatu, malo osungira zithunzi, ndipo kumeneko n'kumene a Lumo ankapumira.

Anali ndi mwana mmodzi, wamkazi. Ankamutchula Kanyerere chifukwa ali wamng'ono sankasowa m'chitini cha shuga. Tsiku limene anamugulira foni yoyamba anamulowetsa pa akaunti ya banja, n'kutchera kuti chithunzi chilichonse chimene wajambula chizilowa chokha m'chimbale cha onse, poti foni ya mwana sichedwa kugwera m'madzi. Chaka chomwecho a Lumo anachita zimene amachita amuna ena ndevu zikayamba kuyera. Anasiya mayi a mwanayo n'kutsata mkazi wina, ndipo mkazi winayo sanakhalitse. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo iwo anavumbwa mpaka m'mafupa. Mayi ndi mwana anasamukira kutali. Mawu omaliza a Kanyerere anali akuti, "Mukangondiimbira ndisintha nambala." Sanamuimbire.

Koma zithunzi zinkabwerabe. Mwanayo ankasintha mafoni, dzina lolowera n'kukhala lomwelo, ndipo chimbale chija chinkamutsatira iye osadziwa. A Lumo anamuona akukula. Anaona yunifolomu ikumuchepera, chipinda cha ku koleji chokhala ndi katani lobiriwira, nsapato zimene ankazijambula m'sitolo osazigula, chala chomangidwa bandeji, ndi mnyamata wina wa makutu oima amene a Lumo anadana naye koopsa mpaka anasowa yekha m'zithunzimo. Masana makasitomala akatha ankakhala pa benchi n'kumatsegula chimodzichimodzi. Pa TV napo panali kabokosi ka dzina la Kanyerere, ndipo filimu imene iye wasiya pakati iwo ankaimaliza. Kunali kusuzumira, ndipo ankadziwa. Sanauzepo munthu, poti zinali zamanyazi. Komabe n'zimene zinkawadzutsa m'mawa.

Chithunzi chomaliza kulowa chinali cha Kanyerere atameta tsitsi lalifupi, atatembenuza mutu kuti adzione cha m'mbali. Kumukhala linamukhala ndithu. Koma kuseri kwa khutu lamanzere mzere unali wokhota, ndipo a Lumo ankaukuza ndi zala mpaka chithunzi kusanduka timadontho, uku akutukwana mumtima wometa wosadziwika amene anaononga mutu wa mwana wawo.

Khomo loyandikana nalo linali la mayi wokonza mafoni. Anamupeza ataweramira foni yotsegula pamimba, kagalasi kali m'diso.

"Achemwali, taonani izi."

Mayiyo anawerenga, n'kuseka. "Mwadzaza mitambo ya pa intaneti, achimwene. Mumajambula mitu yonse imene mumameta?"

"Ndi za banja."

"Njira ndi ziwiri. Fufutani zakale, kapena sankhani bandulo ina." Anapukuta manja n'kuyamba kuwaonetsa. Panali yaing'ono, ya mafilimu okha. Panali yapakati, imene anali nayo. Panali yaikulu, ya mafilimu, magemu ankhaninkhani, nyimbo, ndi malo oti munthu sangawadzaze ngakhale atajambula mpaka imvi. "Koma imene muli nayoyi ndi ya makedzana. Anasiya kuikulitsa. Mukasamukira ku yaikulu, onse a pa akauntiyi amalandira uthenga wa dzina lanu woti avomere kulowanso. Akavomera, zawo zonse zimasamuka nawo."

"Akapanda kuvomera?"

"Ndiye kuti atuluka. Mwakwiyitsa ndani kodi?"

A Lumo anaseka nawo kuseka kwa mano okha.

Anabwerera m'kanyumba kawo atatsimikiza kufufuta. Imeneyo ndiyo inali njira ya nzeru, chifukwa palibe akanadziwa kanthu, ndipo zithunzi zikanayambanso kulowa mwakachetechete monga kale. Mitu ya makasitomala ndi zithunzi za mitengo ya katundu anazichotsa mosavuta, koma mzere wosonyeza malo sunasunthe n'komwe. Zolemera zinali pansi penipeni, mavidiyo akale amene anakopera kuchokera m'kamera yawo yoyamba. Anatsegula imodzi. Kanyerere wa mano awiri anali atakhala pa thabwa lopingasa pa mpando womwewu, nsalu yofunda makasitomala itamumiza mpaka m'chibwano, akuseka mashini akamuyandikira. Kuseri kwa kamera kunkamveka mawu a mayi ake: "Bambo ake, pang'onopang'ono." Foni inafunsa ngati akufunadi kufufuta. Chala chawo chinaima m'malere mpaka sikirini inazima yokha.

Anayesanso tsiku lotsatira, n'kulepheranso. Masiku anapita chimbale chili chete. Sankadziwa ngati mwanayo wadwala, ngati wakhoza mayeso, ngati wa makutu oima uja wabwerera. Anayamba kulakwitsa ntchito. Mphunzitsi wina anamudula ndevu imene sanapemphe, ndipo tsiku lina anathira sipiriti pa nsalu m'malo mwa pa thonje.

Munthu akasowa mtengo wogwira amagwira ndi udzu womwe. A Lumo anayamba kudziuza kuti mwina uthenga uja si woipa. Zaka zapita, mwana wakula, mkwiyo umazirala. Kanyerere sanawaletse kulemba, anawaletsa kuimba. Ndipo ndi mwana uti angakane malo ochuluka chonchi, mafilimu onse, nyimbo zonse, kuchokera kwa bambo ake? Anayamba kuiona bandulo yaikulu ija ngati mphatso, ngati kugogoda pa chitseko ndi manja odzaza. Anaisankha Loweruka m'mawa asanatsegule, atakhala pa mpando wa makasitomala, akudziona m'galasi long'alukalo.

Foni inawapatsa kabokosi koti alembemo mawu operekeza uthengawo ngati akufuna. Akanasiya popanda kanthu, mwina mwanayo akanangoganiza kuti ndi zotsalira za kale, n'kudina kuvomera osaganiza kawiri. Koma a Lumo anali atakhala chete nthawi yaitali, ndipo wometa sakhala chete mutu uli patsogolo pake. Analemba kuti, "Mwana wanga, ndakukuzira malo kuti zako zisasowe pokhala." Anawerenga, n'kuona kuti mawuwo ndi ouma ngati a ku ofesi. Anafuna kuonjezera kanthu kosonyeza kuti ndi iwo, kanthu kakang'ono koti amwetulire. Ndiye anaonjezera: "Tsitsi lalifupilo lakukhala kwambiri. Koma wokumetayo umuuze aongole mzere kuseri kwa khutu lamanzere." Anatumiza, n'kutsegula chitseko akuimba kamluzu.

Kamluzuko kanatha asanamalize mutu woyamba. Anakumbukira kuti tsitsilo sanalione pa msewu, sanaliuzidwe ndi munthu, ndipo chithunzicho mwanayo sanatumizire aliyense. Anathamangira khomo loyandikana nalo kukafunsa ngati uthenga umabwezeka.

"Ukapita wapita, achimwene. Mwalakwitsa nambala?"

"Ayi, nambala ndi yomweyo."

Foni inalira masana, benchi lili lopanda munthu. Nambalayo anali ataisunga zaka zonsezi osaikhudza, ndipo tsopano inali pa sikirini ikuwaitana. Anaimirira, ngati kuti woimbayo akuwaona.

"Kanyerere?"

"Bambo." Kale ankati adadi. Mawu anali a munthu wamkulu, okhuthala ngati a mayi ake, ndipo a Lumo anazindikira kuti nkhope ankaidziwa yonse koma mawuwa sanawamvepo. "Tsitsi langa mwaliona kuti?"

"Mwana wanga, ine ndimangofuna…"

"Ndafunsa kuti mwaliona kuti."

Anamuuza. Anafotokoza za foni yoyamba ija, za chimbale cha banja, zakuti sanatchere kuti azimusuzumira, zinangotsala choncho.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira pachiyambi."

"Ndiye zonse. Ndili m'chipatala munaona. Tsiku lomwe amayi anagulitsa mipando ya pa balaza, ine ndikujambula kuti tipeze wogula, munaona."

"Ndinaona."

"Osabwera."

"Unati ndisaimbe."

"Ndinali mwana, bambo. Mwana amanena zambiri." Anapitiriza osadikira yankho. "Ine ndinkati mwina simudziwa. Ndinkadziuza kuti akanadziwa akanabwera. Pomwe inu munali pa benchi n'kumaonera ngati filimu."

Zinali zoona. A Lumo ankafuna kunena kuti sanagonepo tulo tabwino chichokereni, kuti ankaopa kuti akagogoda ataya ngakhale kawindo kamene anatsala nako, koma zonsezo zikanangomveka ngati munthu akudzimvera chisoni. Chimene chinatuluka chinali chopusa kuposa zonse.

"Malowo ndi ambiri, mwana wanga. Ungovomera. Ndichotsa zoti ndizitha kuona, achemwali a mafoni andionetsa. Mafilimu, nyimbo, zonse ndi zako."

"Sindikufuna malo." Kenako mawu ake anatsika. "Mzere mukunenawo palibe wometa woti ndimuuze. Ndimadzimeta ndekha ndi mashini akale munasiya m'kabati aja. Pa mpando wa wometa sindikhala, fungo la sipiriti limandibweretsera nseru. Ndiye kumbuyo palibe wondionera."

Foni inaduka.

Anayesa kuimba nthawi yomweyo, koyamba pa zaka zonsezi. Inalira mpaka kutopa. Madzulo anayesanso, ndipo mawu a makina anawauza kuti nambalayo sikupezeka. Atatsegula chimbale anapeza katani lobiriwira kulibe, nsapato kulibe, chala cha bandeji kulibe, mutu wa tsitsi lalifupi uja kulibe. Kunatsala zawo zokha, zakale, zolekezera pa chaka chimene anachoka pakhomo. Mzere wosonyeza malo, umene unali wofiira mpaka kumapeto, tsopano unali ndi kadontho kokha kumayambiriro. Pamwamba pake kampani ya bandulo inali itawalembera mawu owalandira, kuwayamikira kuti asankha bwino, ndi kuwauza kuti sadzadandaulanso za malo.

Mayi wa mafoni anasuzumira pakhomo akutseka kwake. "Zatheka, achimwene? Avomera?"

"Zatheka."

"Mwaona? Pano jambulani mpaka mutope."

Lolemba kasitomala wa munda wa mlesi uja anabweranso kudzaongoletsa ndevu. Anatenga rimoti pa benchi monga mwa chizolowezi chake, n'kuyatsa TV. Inafunsa kuti akuonera ndani. Pambali pa dzina la a Lumo, pamene pankakhala kabokosi ka Kanyerere, panali kabokosi kotuwa kolembedwa kuti onjezani wina.

"Mafilimu achulukatu, amisiri. Mwalemera?"

A Lumo anamufunditsa nsalu n'kuimanga pakhosi. Anamuweramitsa mutu, n'kupinda khutu lamanzere ndi chala kuti aone kuseri kwake. Mzere wa kasitomalayo unali wowongoka, poti anaudula okha sabata yathayo. Anauyang'ana nthawi yaitali mashini akulira m'manja, mpaka munthuyo anafunsa ngati apezapo chilonda.