Msoti wa Kutsidya kwa Waya

Munthu kutuluka thukuta m'mwezi wozizira wa Juni si zachibwana, koma Mayi Rozina a ku Kawale linkachita kuyenderera Loweruka limenelo. Tenti inali itakhomedwa, mipando itandandalikidwa mpaka kutseka njira ya akabaza. Chinali chinkhoswe cha mwana wawo Jacqueline. Zonse zinalipo kupatula munthu mmodzi: mlongo wawo Jeremiah, mwinimbumba. Nanga popanda malume, mwana amupereka ndani?

Vuto linali waya. Mudzi wakwawo unali pamalire penipeni, moti kale munthu ankatuluka m'dziko pongopita kukapala moto. Ndiye akuluakulu, atatopa ndi ozembetsa feteleza ndi shuga, anadutsitsa mpanda pakati pa mudziwo. Chitsime chinatsala uku, manda uko. Nyumba ya a Jeremiah inagwera kutsidya, ndipo kaulendo ka mphindi zisanu kokafika pamsewu kanasanduka mtunda wa maola awiri kuzungulira kugeti. Ozembetsa aja? Aaa, iwo anangosintha njira basi.

Foni inalira. "Mlongo, ndili pageti," anatero a Jeremiah. "Ine andilola, koma nkhuku akuti ayi. Ati ziweto sizidutsa."

Mayi Rozina anakhala pansi osayang'ana n'komwe pokhala. Pachinkhoswe akuchimuna amapereka tambala, akuchikazi n'kubweza msoti. Ndipo msoti umenewu sunali wamba. Unali wa mbewu ya nkhuku zakuda za malemu mayi awo.

Mayi Tusekele, amake a mkamwini, anamva zonse. Iwo kwawo ndi ku Karonga, kumene ukwati umayendera ng'ombe, choncho za nkhukuzi ankangoziona ngati masewera. "Asewere, bwanji titume munthu ku Mchesi? Nkhuku zili mbwee kumeneko."

"Ya ku Mchesi ikudziwa ndani kwathu?" anayankha Mayi Rozina, mtima uli m'mwamba. Kenako anabwerera pafoni: "Achimwene, chonde, chitanipo kanthu. Ndichita manyazi pamaso pa anthu."

A Jeremiah si munthu wosowa nzeru. Anabwerera pang'ono motsata mpanda, n'kumasula msoti uja pafupi ndi nyumba zina. Anadutsa pageti chimanjamanja, n'kulonjera asilikali mwaulemu wonse. Atafika mbali ino anayamba kumwaza chimanga chimene chinali m'thumba la jekete, poti nkhuku siifunsidwa chiphaso, imangodzipanikiza pansi pa waya. Kalanga ine, zinabwera nkhuku za mudzi wonse! Minibasi ikuimba hutala pamsewu, mkuluyo anangombwandira yakuda imene inali pafupi, n'kuiponya m'thumba.

Anafika ku Kawale dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze, manja atakalikakalika ndi waya. Amayi analulutira. Mayi Rozina misozi inalengeza, chifukwa chimangireni mpanda uja, zaka zitatu, anali asanamuone mlongo wawoyo.

Mwambo unayenda bwino mpaka pa nkhuku. A Jeremiah anaimirira, anakonza tayi, n'kumasula thumba mwamatama. Chimene chinatuluka chinadzikung'untha, chinatambasula khosi, kenako: kokoliriko! Kanali katambala kakuda, kongoyamba kumene kulira.

Anthu onse m'tenti anayang'anana. Mayi Rozina analakalaka nthaka itang'ambika.

Apo a Goodwin, nkhoswe ya kuchimuna, anayamba kukanda m'mutu, akuyang'ana dengu lawo mwamantha. "Pepani akuluakulu, kodi tambala amabweretsa ndi akuchikazi? Chifukwa ife tinaganiza kuti poti tikudzapempha mkazi..." Anavundukula dengu. Munali msoti wonenepa, uli phee.

Chiphokoso chake! Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti, ena kugwa nayo mipando. Mayi Tusekele anavula chitenje cha pamwamba n'kulowa m'bwalo kuvina. A Jeremiah anadikira kuti phokoso litsike, kenako anati, "Abale, tambala alipo, msoti ulipo. Yabwera ndi yani, zimenezo akafunse a pageti." Anasinthana nkhukuzo, ndipo Jacqueline anaperekedwa ndi malume ake enieni.

Anthu akuvina, Mayi Rozina anakokera mlongo wawo kuseri kwa nyumba n'kuyamba kumutsuka mabala a m'manja ndi madzi amchere.

"Ndiye nkhuku ya amayi ija yatsala kuti?"

"Ikhala yabwerera kunyumba. Imeneyo njira ikuidziwa kuposa ine."

"Mugona masiku angati?"

"Chiphaso changa n'cha masiku awiri, mlongo."

Mayi Rozina anamanga kansalu pachala cha mlongo wawo, osachisiya msanga. "Basi, Lolemba tikwerera limodzi. Ndikalembetse changa pageti pomwepo, ndikasese pamanda a amayi."